Kukambirana m'timagulu pamsonkhano: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene amafunsidwa kawirikawiri ndi anthu opatsidwa udindo woyendetsa msonkhano, kaya wa komiti ya sukulu, wa kumpingo, wa chitukuko m'mudzi kapena wa ku ofesi, amene atopa kuona anthu atatu okhaokha akulankhula ena onse ali duu.

Kodi tikati kukambirana m'timagulu tikunena chiyani kwenikweni?

Tikunena kayendetsedwe ka msonkhano kamene anthu sakhala m'mizere moyang'ana tebulo la akuluakulu. Amagawidwa anayi anayi kapena asanu asanu, n'kumacheza pa funso limodzi momasuka. Pakapita nthawi amasinthana malo, kapena amabweretsa zimene apeza ku gulu lonse. Njira zake zilipo zambiri, ndipo zina zili ndi mayina odziwika padziko lonse monga World Café, Open Space, Phillips 66 ndi 1-2-4-All. Mayinawo asakuopseni. Zonsezi zimafuna chinthu chimodzi: kuti zimene anthu amanena panjira pobwerera kwawo azinene mumsonkhano momwemo, zisanamangidwe.

Nanga msonkhano wa masiku onse walakwanji?

Tiyambe ndi masamu. Anthu 60 asonkhana kwa maola awiri. Akati aliyense alankhule mofanana, apeza mphindi ziwiri zokha, ndipo apo sitinachotsere pemphero, malonje, mawu a mlendo wolemekezeka ndi kuwerenga maminitsi a msonkhano wapitawo. Anthu omwewo agaweni anayi anayi. Timagulu 15 tikulankhula nthawi imodzi, ndipo m'mphindi 20 aliyense wapeza mphindi zisanu.

Komabe nthawi si vuto lalikulu. Chimene chimatseka anthu pakamwa ndi ulemu ndi mantha. Mkamwini sangatsutse apongozi ake pagulu. Mphunzitsi wongoyamba kumene sangawongolere ahedi pamaso pa makolo. Mayi amene ali ndi ngongole ku banki mkhonde sanganene kuti mabuku a msungichuma sakumveka. Ndiye anthu amawomba m'manja, amati "tagwirizana nazo", koma tsiku loumba njerwa likafika pamabwera anthu owerengeka, atsogoleri n'kumadabwa kuti anthu a mudzi uno ndi aulesi. Si ulesi. Mfundoyo sinali yawo.

Pali chinanso chimene ofufuza awiri a ku America, Garold Stasser ndi William Titus, anaonetsa mu 1985. Anthu akakhala pagulu amathera nthawi yambiri pa zimene aliyense akuzidziwa kale, pomwe zimene akudziwa munthu mmodzi yekha sizituluka, ngakhale zitakhala kuti ndizo zikanasintha chigamulo. Mlonda wa pasukulu ndiye akudziwa nthawi imene matabwa amasowa, koma ndani anamufunsa?

World Café inayamba bwanji, ndipo imayenda bwanji?

Inayamba mwangozi. Mu 1995, Juanita Brown ndi David Isaacs anali ndi alendo oposa makumi awiri kunyumba kwawo ku Mill Valley, m'chigawo cha California, odzakambirana nkhani za kayendetsedwe ka makampani. Anakonza zokhala panja mozungulira, koma m'mawa kunacha ndi mvula. Anaika timatebulo tating'ono m'nyumba, n'kuyalapo mapepala akuluakulu m'malo mwa nsalu, kuti alendo azimwa khofi podikira. Alendowo anayamba kucheza pa nkhani imene anabwerera, akulemba ndi kujambula pamapepala paja. Patapita nthawi wina anati akufuna kumva zimene zikukambidwa pa matebulo enawo, ndipo anagwirizana kuti patebulo lililonse patsale munthu mmodzi, ena onse asamuke. Pofika masana anaona kuti apindula kuposa mmene akanapindulira pa msonkhano umene anakonza uja.

Kayendetsedwe kake mpaka lero n'komweko. Patebulo pamakhala anthu anayi kapena asanu, pepala lalikulu pakati, zolembera zingapo. Wotsogolera amapereka funso, anthu n'kukambirana pafupifupi mphindi 20. Belu likalira, mmodzi amatsala ngati mwini tebulo, enawo amabalalika. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: anthu a tebulo limodzi asasamukire limodzi ku tebulo lina. Aliyense apite kwakekwake, kuti maganizo asakanikirane. Mwini tebulo amalandira alendo atsopano, amawafotokozera mwachidule zimene zinakambidwa, iwonso amanena zimene abwera nazo, kenako kukambirana kumapitirira. Nthawi zambiri amasinthana katatu, ndipo pomaliza onse amakhala pamodzi kusonkhanitsa zimene zatuluka.

Mukayang'ana pepala la patebulo pa ulendo wachitatu, simupezapo ndandanda yaukhondo. Mupeza mawu ena atalembedwa chozondoka chifukwa wolembayo anakhala mbali inayo, wina wajambula mjigo ndi mzere wa ndowa, wina wazunguliza liwu loti "usiku" katatu, mivi ikuchoka pakona ina kupita pakona ina. Pepala loyera bwino, lolembedwa ndi dzanja limodzi, nthawi zambiri limasonyeza kuti panali mlembi mmodzi ndi omvera atatu. Msonkhano wonse umafuna ola limodzi ndi theka kapena maola awiri.

Kwathu kulibe matebulo kapena khofi. Zingatheke?

Zingatheke ndithu. Mphasa pansi pa mitengo zimakwanira, madesiki a m'kalasi otembenuzidwa kuti anthu ayang'anane amakwanira. Mapepala a fulipi tchati akasowa, kumbuyo kwa makalendala akale kapena makatoni otambasula kumalembeka, ngakhale choko pa simenti. Zofunika zenizeni ndi zitatu: timagulu titalikirane kuti tisamamverane, pakhale chizindikiro chomveka chosinthira monga belu kapena wezulo, ndipo anthu akhale mofanana. Ngati awiri akhala pampando, awiri pansi, mwabweretsa kale tebulo la akuluakulu m'kagulu kaja. Kachakudya pang'ono, ngakhale mtedza wokazinga, kamamasula anthu, koma musalephere kuitanitsa msonkhano chifukwa cha zimenezo.

Open Space imasiyana bwanji ndi World Café?

Mu World Café funso limachokera kwa okonza msonkhano. Mu Open Space ngakhale ajenda palibe, amaipanga ndi anthu obwerawo. Anaiyambitsa ndi Harrison Owen wa ku America. Iye anatha pafupifupi chaka akukonza msonkhano waukulu wa mu 1983, koma utatha anthu anamuuza kuti chimene anasangalala nacho kwambiri inali nthawi yopuma ya khofi, imene iye sanaikonze n'komwe. Mu 1985 anayesa kuchititsa msonkhano wonse ngati nthawi yopuma. Iye mwini ankanena kuti zina anaziphunzira poona mmene anthu a m'mudzi wina ku Liberia ankayendetsera zinthu zawo atakhala mozungulira, popanda komiti yokonza.

Anthu amakhala mozungulira, mutu waukulu wa tsikulo umanenedwa, kenako aliyense amene ali ndi nkhani yomudya mumtima amapita pakati, amailemba papepala, amaiwerenga mokweza, n'kuimata pakhoma pamodzi ndi nthawi ndi malo okumanira. Khoma likadzaza, aliyense amasankha kumene akufuna kupita. Owen anaika mfundo zinayi: amene abwera ndiwo oyenera, chimene chachitika ndicho chikanachitika, nthawi imene zayamba ndiyo nthawi yake, ndipo zikatha zatha. Anawonjezera lamulo limodzi lotchedwa lamulo la mapazi awiri: ukaona kuti pamene ulipo sukuphunzirapo kanthu ndipo sukuthandizapo kanthu, nyamuka upite kwina.

Lamulo limeneli kwathu kuno limavuta. Kunyamuka wamkulu akulankhula kumaoneka ngati mwano, choncho wotsogolera ayenera kulinena momveka, ndipo zimathandiza kwambiri mkulu wa pamalopo akalibwereza ndi pakamwa pake. Open Space imafuna theka la tsiku kapena kuposerapo, ndipo imayenda bwino pa nkhani imene anthu ikuwawawa kale. Pa nkhani yozizira, khoma limangokhala mbee.

Ndili ndi mphindi 15 zokha pakati pa msonkhano. Pali chimene ndingachite?

Chilipo, ndipo ndi chakale. Cha m'ma 1940, J. Donald Phillips wa ku Michigan ku America ankagawa khamu m'magulu a anthu asanu ndi mmodzi, n'kuwapatsa mphindi zisanu ndi imodzi zokambirana funso limodzi. N'chifukwa chake njirayo imatchedwa Phillips 66. Anthu sasamuka n'komwe: a mzere wakutsogolo amangotembenuka kuyang'ana a kumbuyo kwawo, zimene zimatheka ngakhale m'tchalitchi cha mabenchi okhomera.

Ina ndi 1-2-4-All, imene anaifalitsa Henri Lipmanowicz ndi Keith McCandless. Mphindi imodzi aliyense aganize payekha osalankhula. Mphindi ziwiri akambirane awiri awiri. Mphindi zinayi awiriwo aphatikizane ndi awiri ena. Mphindi zisanu zomaliza kagulu kalikonse kanene mfundo imodzi imene yawagwira mtima. Zonse pamodzi ndi mphindi 12. Mphindi yoyamba ija, ya chete, ndiyo anthu amafuna kuidumpha chifukwa imachititsa manyazi. Musaidumphe. Munthu wofatsa amafika kwa mnzake ali kale ndi chonena chake, sangotengera za wolankhula msanga.

Bwanji osangouza anthu kuti aliyense aponye maganizo, wina azilemba pa bolodi?

Imeneyo ndi njira imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti brainstorming. Anaitchukitsa ndi Alex Osborn, mkulu wa kampani yotsatsa malonda ya BBDO ku New York, m'buku lake la mu 1953. Malamulo ake anali anayi: musadzudzule ganizo la mnzanu, chulukitsani maganizo, ngakhale ooneka openga alandiridwe, ndipo onjezerani pa zimene ena anena. Malamulowo ndi abwino. Chovuta n'chakuti njirayo itayesedwa sinapambane monga ankayembekezera. Mu 1958 ofufuza a pa yunivesite ya Yale anapeza kuti anthu anayi oganiza aliyense payekha, maganizo awo akaphatikizidwa, amatulutsa ambiri kuposa anthu anayi oponya maganizo pamodzi. Mu 1987 Michael Diehl ndi Wolfgang Stroebe ku Germany anafufuza chifukwa chake, ndipo anapeza kuti chachikulu ndi kudikirana. Pagulu amalankhula mmodzi mmodzi. Podikira nthawi yako umaiwala ganizo lako, kapena umalisunga m'mutu mwakuti sungaganize lina, kapena umaliona ngati lachabe utamva za ena.

Mankhwala ake ndi kuyamba payekhapayekha kenako kukumana. Anthu odziwa kulemba angayese njira ya 6-3-5 imene Bernd Rohrbach anaitulutsa ku Germany kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Anthu 6, aliyense alemba maganizo 3 m'mphindi 5, n'kupatsira pepala kwa wa pambali pake, amene amawerenga n'kuwonjezera atatu ena. Mapepala akazungulira onse, mu theka la ola muli ndi maganizo ofika 108. Ambiri adzakhala obwerezabwereza kapena osathandiza, koma kusankha kumabwera pambuyo. Kutulutsa maganizo ndi kuwasefa ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo mukaziphatikiza anthu amasiya kutulutsa.

Funso labwino lokambirana limakhala lotani?

Apa ndi pamene msonkhano umapambanira kapena kufera, ndipo okonza ambiri amathera masiku akukonza za chakudya, funso n'kulilemba m'mawa wa tsiku lomwelo.

Funso loyankhidwa ndi inde kapena ayi limapha kucheza. "Kodi ukhondo ndi wofunika?" Aliyense ati inde, nkhani yatha. Funso lokhala ndi yankho lake m'kati nalonso n'lachabe: "Tingatani kuti makolo asiye ulesi wosabwera ku misonkhano?" Mwaweruza kale, ndipo makolo amene abwerawo ayamba kudziteteza. Funso lalikulu kwambiri monga "Tingathetse bwanji umphawi?" limabala mayankho a pawailesi: boma lichitepo kanthu, mabungwe atithandize.

Funso labwino limakhudza zimene anthuwo anaona ndi maso awo, ndiponso zimene angathe kuchitapo kanthu. Taonani kusiyana kwa awa. "Atsikana amasiyiranji sukulu?" ndi "Ganizirani mtsikana wa m'dera lino amene anatsala pang'ono kusiya sukulu koma anapitiriza. Chinamugwira n'chiyani?" Loyamba libweretsa mndandanda umene tonse tinauloweza. Lachiwiri libweretsa nkhani za azakhali amene anagulitsa nkhuku, za mphunzitsi amene anapita kunyumba kwa mwanayo, za njinga yobwereka, ndipo m'nkhani zimenezo ndi mmene mumapezeka zoti n'kuchita. Ingowakumbutsani kuti asatchule mayina.

Ngati musinthana katatu, mafunso angathe kukwera pang'onopang'ono: loyamba la zimene tikuona, lachiwiri la zimene zikuchititsa, lachitatu la zimene ife amene tili pano tingayambe mwezi uno. Funsolo liyeseni kaye pa anthu awiri kapena atatu tsiku lisanafike. Akakufunsani kuti "mukutanthauza chiyani?", lilembeninso. Ndipo ngati funsolo linaganiziridwa m'Chingerezi, musangolitembenuza liwu ndi liwu. Linenedwe monga munthu angafunsire mnzake.

M'kagulu mukhale anthu angati, ndipo tiwagawe bwanji?

Anayi kapena asanu. Akakwana asanu ndi awiri, awiri amayamba kunong'onezana zawo ndipo mmodzi amasanduka tcheyamani. Powagawa, kuwerengetsa manambala n'kosavuta ndipo kumalekanitsa anthu amene anabwera limodzi.

Koma kusakaniza si kwabwino nthawi zonse. Pa nkhani za kulera, nkhanza za m'banja, malo kapena ndalama za gulu, ndi bwino ulendo woyamba amayi akhale paokha, abambo paokha, achinyamata paokha. Akamanga mfundo zawo, ndiye asakanikirane. Mayi amalimba mtima kunena kuti "gulu lathu lati" kusiyana ndi kunena kuti "ine ndikuti". Samalaninso za apongozi ndi akamwini, mwamuna ndi mkazi wake, bwana ndi wantchito wake. Munthu wa m'deralo amadziwa amene sayenera kukhala mphasa imodzi, choncho mufunseni musanayambe.

Nanga amfumu, abusa kapena abwana akhale kuti?

Musawadzidzimutse. Pitani mukawaone tsiku lisanafike, muwafotokozere mmene zidzayendere ndi chifukwa chake. Ulemu wonse wa poyamba uchitike monga mwa mwambo: atsegule msonkhano ndi iwo, ndipo ngati n'kotheka anene okha kuti lero akufuna kumva kwa aliyense. Mawu amenewo akachokera kwa iwo amalemera kuposa akachokera kwa inu.

Pa nthawi ya timagulu pali njira ziwiri. Atsogoleri angathe kukhala kagulu kawokawo n'kuyankha funso lomwelo, kapena angathe kusakanikirana ndi anthu koma osakhala eni tebulo ndiponso osagwira cholembera. Ine ndimakonda yoyamba pamene anthu sanazolowere. Zimene sizithandiza ndi mtsogoleri woyendayenda manja kumbuyo, kumaima pamwamba pa kagulu kalikonse. Akangofika, nkhani imasintha.

Pomaliza alankhule omaliza, ndipo ntchito yawo ikhale kunena zimene amva, zimene zingatheke ndi zimene sizingatheke. Akalankhula oyamba pa nkhani yeniyeniyo, timagulu tonse tidzangobwereza mawu awo.

Ambiri mwa anthu athu sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Sitiwasiya kumbuyo?

Muwasiya ngati mumangirira zonse pa pepala. Cholembera chili ndi mphamvu: amene wachigwira ndiye amasankha zolowa ndi zotsala, ndipo kawirikawiri amasandutsa mawu a agogo kukhala Chingerezi cha m'malipoti. Pa nkhani imeneyi pali zambiri zophunzira kwa Robert Chambers wa ku bungwe lofufuza za chitukuko la Institute of Development Studies ku Sussex, ku England, ndi anzake a ku India ndi ku Kenya, amene cha m'ma 1990 anafalitsa njira zoti anthu akumudzi azifufuza okha za dera lawo. Chambers ankakonda kuuza alangizi kuti apereke ndodo kwa eni mudzi, kutanthauza kuti wolozera ndi kufotokoza akhale mwini dera, mlendo akhale pansi amvere.

Mapu a mudzi amajambulidwa pansi ndi kamtengo. Mwala ndi mjigo, tsamba ndi dimba, phulusa ndi njira ya madzi a mvula. Pofuna kusankha vuto loyamba kulithetsa, vuto lililonse limapatsidwa chizindikiro chake pansi, monga botolo lopanda kanthu kuimira mankhwala, chidutswa cha njerwa kuimira mlatho. Aliyense amalandira njere za chimanga khumi n'kuzigawa monga akuonera kulemera kwa mavutowo. Wina amaika zonse khumi pa botolo, wina amabalalitsa. Kenako amawerenga poyera. Ngati mukuopa kuti anthu azitsatira kumene amfumu aika, ikani zitini zotseka kuseri kwa nyumba, azipita mmodzi mmodzi. Zojambula pansizo wina azikopere papepala kapena azijambule pa foni mbuzi zisanadutsepo.

Timatani ndi munthu wolongolola, ndi amene salankhula n'komwe?

Kagulu kakang'ono kamachepetsa kale vutoli, chifukwa wolongolola amatopetsa anthu atatu okha, ndipo belu likalira amathawidwa. Ngati zikupitirira, ikani kanthu pakati, kaya mwala kaya chitsononkho, kuti wolankhula ndi amene wakagwira, ndipo kazungulire onse kamodzi kukambirana kusanatseguke. Musamupange mwini tebulo wolongolola poganiza kuti mwamupatsa chochita. Adzatha theka la nthawi akufotokoza za ulendo wapita. Wachete musamuloze chala pagulu. Kukambirana awiri awiri ndiko kumamutsegula.

Nthawi yopereka malipoti imatopetsa. Pali njira ina?

Imatopetsadi. Timagulu 12, kalikonse mphindi zisanu, ndi ola lathunthu la kumva zofanana, ndipo moto wonse umene unayaka umazima. Musalole gulu lililonse kuwerenga pepala lake lonse. Funsani mfundo imodzi ku gulu lililonse, ndipo lotsatira linene imene sinanenedwe. Kapena matani mapepala onse pakhoma, anthu ayendere okha ngati pamsika, mmodzi wa gulu ataima pambali kuyankha mafunso. Kenako funsani onse: n'chiyani chamveka m'magulu ambiri? N'chiyani chakudabwitsani? N'chiyani chimene palibe wanena?

Funso lachiwirilo musalisiye. Mfundo yomveka paliponse nthawi zambiri ndi imene munkaidziwa kale. Yatsopano imakhala itatchulidwa pa tebulo limodzi lokha, ndipo ikangosefedwa ndi kuchuluka kwa manja imatayika.

Kodi pali umboni woti kukambirana kotere kumasintha zinthu?

Umboni wolimba kwambiri uli pa nkhani ya uchembere. Ku Makwanpur m'dziko la Nepal, magulu a amayi ankakumana mwezi ndi mwezi ndi wotsogolera wa m'dera lomwelo, kutchula mavuto a amayi oyembekezera ndi makanda, kusankha ofunika, kukonza zochita, kuzichita, n'kubwerera kudzaunika. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2004 zinaonetsa kuti imfa za makanda osakwana mwezi zinatsika ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi madera opanda maguluwo. Ku Malawi njira yomweyo inayesedwa ku Mchinji mu pulojekiti ya MaiMwana, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2013. Mu 2014 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalimbikitsa njira ya magulu a amayi imeneyi, makamaka kumidzi kumene chipatala chili kutali.

Chitsanzo china chinabadwira ku Malawi konkuno. Mu 2002 bungwe la CARE linayambitsa kadi yoti anthu azipereka malikisi pa thandizo limene amalandira, poyamba pa zaumoyo. Olandira thandizo amakambirana m'magulu awo n'kupereka malikisi, ogwira ntchito nawonso amadzipatsa malikisi paokha, kenako mbali ziwirizo zimakumana pamodzi ndi akuluakulu a boma kuti zimange zochita. Njirayi inafalikira kumayiko ena ambiri.

Onani kuti m'zitsanzo zonsezi anthu sanakumane kamodzi n'kubalalika. Ankabwerera, ndipo zokambidwazo zinali ndi kopita. Umboni umenewu sukutanthauza kuti wekishopu ya tsiku limodzi ku hotelo ya kunyanja isintha mudzi.

Ndi liti pamene njirazi siziyenera?

Ngati chigamulo chapangidwa kale, nenani chigamulocho. Kusonkhanitsa anthu kuti "apereke maganizo" pa chinthu chimene chasainidwa kale ndi chinyengo, ndipo anthu amachizindikira. Ulendo wotsatira adzabwera chifukwa cha alawansi basi, n'kumakuuzani zimene akudziwa kuti mukufuna kumva. Ngati gawo lina lokha ndilo lotseguka, nenani poyera: ndalama ndi izi, sizisintha, koma malo omangapo ndiwo tikufuna tigwirizane.

Siziyeneranso pa mlandu. Mkangano wa malire a munda kapena ndalama zosowa uli ndi bwalo lake ndi oweruza ake. Pa ngozi, monga kolera ikabuka, anthu amafuna kuuzidwa msanga zoyenera kuchita. Kukambirana kungabwere pambuyo, pofufuza chifukwa chimene ena sakuthirira mankhwala m'madzi. Ndipo ngati nkhani ndi yongodziwitsa, monga tsiku lotsegulira sukulu, musavutitse anthu ndi timagulu.

Zingatheke pa intaneti?

Zoom ndi Microsoft Teams zili ndi tizipinda togawira anthu, ndipo magulu a anthu okhala m'mayiko osiyanasiyana, monga a ku Johannesburg ndi ku Leeds okonza zothandiza kumudzi, angathe kuchita World Café mwa njira imeneyi. Tizipinda tikhale ta anthu atatu kapena anayi, funso lilembedwe pamene aliyense angalione, ndipo nthawi ifupikitsidwe chifukwa bandulo imatha. Kumene netiweki ndi yofooka, timagulu ta WhatsApp ta anthu asanu, topatsidwa funso limodzi ndi masiku awiri, timagwira ntchito, makamaka anthu akaloledwa kutumiza mawu ojambula m'malo molemba.

Msonkhano watha. Mapepala aja apite kuti?

M'maofesi ambiri muli mipukutu ya mafulipi tchati pamwamba pa kabati, yomangidwa ndi tepi, imene palibe anaitsegulapo chichokereni ku msonkhano. Kuti anu asathere pomwepo, anthu asanabalalike pakhale zinthu ziwiri kapena zitatu zokha zoti zichitike, chilichonse chili ndi dzina la munthu amene wavomera ndi pakamwa pake, ndi tsiku. "Komiti iona" si dzina. Mapepalawo ajambulidwe pa foni, koma enieniwo atsale kwa eni ake, kusukulu, kutchalitchi kapena kwa mlembi wa mudzi, osati kukwera galimoto ndi alendo.

Pasanathe sabata ziwiri anthu amve zimene zatsatira, kuphatikizapo maganizo amene akanidwa ndi chifukwa chake. Msonkhano wotsatira uyambe ndi kupachika mapepala akale aja pakhoma ndi kufunsa amene anatenga ntchito kuti afika pati.

Sindinayesepo. Ndiyambe ndi iti?

Yambani ndi 1-2-4-All pa mfundo imodzi ya ajenda ya msonkhano umene ulipo kale, osaitanitsa wapadera. Sankhani mfundo imene mukufunadi kumva maganizo a anthu, muwauze atcheya pasadakhale, lembani funso lanu papepala kuti musalisinthe pakamwa, ndipo mukhale ndi wotchi. Phokoso likabuka m'chipindamo musathamangire kulitontholetsa. World Café mudzaiyese anthu akazolowera kutembenukirana, ndipo tsiku limenelo mupeze mnzanu mmodzi woti azisunga nthawi ndi kuliza belu, inu muziyang'anira magulu.